Dzanja Langa pa Giya ya Bambo

Chinali chaka cha 1977, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Sitandade 6. Tinkakhala pa esiteti ya fodya cha ku Chiosya, m'nyumba ya zipinda ziwiri yofolera ndi malata. Nyumbayo sinali yathu. Inali ya dalaivala. Amene wagwira chiwongolero ndiye ankagonamo, ndipo tsiku limene wachisiya ankapinda mphasa zake n'kutuluka.

Bambo anga, a Mbewe, anayendetsa lole ya pa esitetipo zaka khumi ndi chimodzi. Ankatenga mabelo a fodya kupita nawo ku okushoni, pobwerera n'kunyamula feteleza. Tsiku lina jeke inaterereka akusintha tayala, lole n'kuwatsikira pa mwendo wamanzere. Anagona m'chipatala miyezi itatu. Mwendo sanaudule, koma unauma pa bondo ngati mtengo wa chigafa. Munthu wa mwendo wotere sangaponde kilatchi. Lole ija anaipereka kwa a Sakala, munthu wa pakamwa wochokera tsidya la boda, amene anakwatira m'mudzi woyandikana ndi esitetiyo.

Tikanachoka chaka chomwecho pakanapanda galimoto ina. Abwana, eni esiteti, anali atagula siteshoni wagoni yakale kwa mzungu wina amene ankasamuka ku Chipata. Inali ya otomatiki. Pansi inali ndi zopondera ziwiri zokha, buleki ndi mafuta. Giya yake kanali kandodo kotuluka pa khosi la chiwongolero, mbali ya wokwera, ndipo pamwamba pake panali kagalasi ka zilembo: P, R, N, D. Abwana anaitana bambo pamaso pa antchito onse n'kuwapatsa makiyi.

"A Mbewe, iyi ikufuna mwendo umodzi, ndipo inu muli nawo umodzi. Ikakukanikani iyi, ndilibenso ina."

Aliyense anamva mawu amenewo. Amayi anawamva ali pa chitsime, ofotokoza atawonjezera ndi zawo. Ine ndinawamva ndi makutu anga, nditaima kuseri kwa thirakitala.

Bambo anaiphunzira galimoto ija ngati munthu amene akudziwa kuti mpando wina kulibe. Buku lake linalibe, ndipo likanakhalapo sakanaliwerenga. Anapita kwa makanika wina ku Chipata n'kukhala naye tsiku lathunthu, akufunsa. Zina anazipeza okha ndi khutu. M'mawa uliwonse ankatsegula boneti, n'kusolola kachitsulo ka mafuta ofiira a m'giyabokosi, kuwanunkhiza, kuwafikisa pa chala. Ankakankhira mpando kumbuyo kuti mwendo wouma uja uwongoke bwino, ndodo yawo n'kuigoneka pansi. Akayendetsa, tiyi sakanatayika m'kapu.

Malamulo awo anali ochepa, ndipo anandiuza kamodzi kokha. Ukaima pang'ono, galimoto ikhale pa D, phazi pa buleki. Ukafuna kutulukamo, P ndi handibuleki. N, imene madalaivala amati nyutulo, ndi ya tsiku limene galimoto yafa ndipo anthu akuikankha. Anati pa N galimoto ilibe mwini, imamvera chitunda osati dalaivala.

A Sakala ankaseka zimenezi. Loweruka masana madalaivala ankakhala pa mthunzi wa galaja akutsuka manja ndi palafini, ndipo nkhani inali yomweyo sabata ndi sabata. A Sakala ankati galimoto ya bambo ndi ya akazi a azungu, yoti ndi mbuzi yomwe ikhoza kuiyendetsa italonjezedwa gaga.

"Manje mudala, galimoto yanu ija ikaima imangobuula ngati ng'ombe ya pa goli. Ikani nyutulo ipume. Mukumwetsa petulo wa bwana pachabe."

Anzawo ankaseka mpaka kugwirana mapewa. Bambo ankangopukuta galasi. Tsiku limodzi lokha ndi limene anayankha, kuti lole ili ndi malamulo ake, ndipo iwo anawasunga zaka khumi ndi chimodzi osapalula utoto.

Ine ndinali mbali ya a Sakala. Sindibisa. Ankavala magalasi akuda ndi nsapato zosongoka za ku Chipata. Ankasintha giya ndi zala ziwiri, uku akuimba mluzu. Ndinapitako nawo kamodzi ku boda, ndipo ndinaona madalaivala a malole onse akaima pa mzere akugwedeza giya uku ndi uku kutsimikiza kuti ili pa nyutulo. Anali amuna khumi kapena kuposa, a miyendo iwiri aliyense. Ndinadzifunsa kuti onsewa angalakwe bwanji, n'kulondola munthu mmodzi woyenda ndi ndodo. Komanso zinali zoona kuti galimoto ya bambo ikaima pa D inkanjenjemera pang'ono, ngati ikufuna kupita koma yamangidwa. Ndinawafunsa tsiku lina ngati sikuvutika. Anati ikunjenjemera chifukwa yakonzeka. Yankho limenelo silinandikwane. Ndinkawachitira manyazi bambo anga, ndipo manyazi amenewo ndinkawatcha nzeru.

Mu Disembala mvula yeniyeni inagwa Lachinayi usiku wonse. Amene analimapo fodya akudziwa kuti mbande siziyembekeza. Uzizule m'mawa ku nazale, uziwoke tsiku lomwelo nthaka ikadali yonyowa. Nazale inali ku dambo, minda inali kumtunda, ndipo pakati panali kamtsinje kopanda mlatho ndi chitunda cha katondo. Thirakitala inali itafa sabata imeneyo. Lole sikanalowa ku dambo. Choncho kapitawo analumikiza kangolo ka matayala awiri kumbuyo kwa siteshoni wagoni, ndipo bambo anayamba kututa. Sukulu tinali titatsekera, ndiye ndinakwera nawo kutsogolo kuti ndizithandiza kukweza ndi kutsitsa madengu.

Ulendo woyamba ndi wachiwiri tinayenda bwino. Wachitatu tinanyamula madengu asanu ndi anayi, mbande zophimbidwa ndi ziguduli zonyowa, zonunkha dothi la dambo. Mvula inayambanso kuwaza. Pa mtsinje madzi anali atakwera mpaka pakati pa matayala. Titawoloka, bambo anaponda buleki kangapo n'kunena kuti mabuleki amwa madzi, adzagwira bwino akauma. Tinayamba kukwera.

Pakati pa chitunda tinaona masamba aawisi atagonekedwa mumsewu. Panali maliro kumtunda, m'mudzi uja anakwatirako a Sakala, ndipo manda awo anali kutsidya kwa mtsinje umene tinali titangowoloka. Posakhalitsa anthu anatulukira pamwamba pa chitunda, amuna kutsogolo atasenza bokosi, amayi pambuyo akuimba. Msewu unali wopanikiza. Bambo anapatukira kumphepete n'kuima. Galimoto inali pa D, phazi lawo labwino litakanikiza buleki mwamphamvu. Anavula chipewa, kuchiika pa bondo, n'kuweramitsa mutu. Womwalirayo ankamudziwa. Anali nkhalamba imene inawasemera ndodo atatuluka m'chipatala.

Bokosi linadutsa pafupi ndi zenera langa. Pambuyo pake panali a Sakala, poti mkamwini salephera maliro a kwa mkazi wake. Magalasi anali atavula. Anayang'ana galimoto, anayang'ana bambo ataweramitsa mutu, kenako anandiyang'ana ine. Anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa n'kugwedeza dzanja m'munsi, monga munthu wogwedeza giya. Palibe wina anaona.

Nthawi imeneyo kubuula kwa injini kunandimvekera kwakukulu kuposa nyimbo. Ndinkaona ngati mudzi wonse ukumva galimoto yathu ikulimbana ndi buleki pamaso pa maliro, ngati munthu wotafuna nzimbe m'tchalitchi. Ndinatambasula dzanja. Ndi zala ziwiri, monga a Sakala, ndinakweza kandodo kaja malo amodzi, kuchoka pa D kupita pa N. Kanapita mofewa, kopanda phokoso. Kunjenjemera kunaleka.

Tsiku lina lililonse bambo akanamva. Munthu amene ankadziwa galimoto ndi khutu sakanaphonya. Koma mvula inkagogoda pa denga, amayi ankaimba pa zenera penipeni, ndipo iwo anali atatsinzina, milomo ikuyenda. Ine ndinati ndibwezera anthu akatha kudutsa. Ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo, kufuna kuona ngati a Sakala azindikira kuti m'galimoto muno muli munthu mmodzi wodziwa zinthu.

Anthu anatha msanga kuposa mmene ndinaganizira. Onse tsopano anali kumbuyo kwathu, kumunsi, ataunjikana pa mtsinje. Onyamula bokosi anali atalowa m'madzi, akufufuza miyala ndi mapazi. Amayi anali ataima mumsewu, ena akuvula nsapato, ena akukweza zitenje. Ndisanabweze maso, bambo anavala chipewa n'kuchotsa phazi pa buleki kupita pa mafuta.

Injini inakuwa. Sindinaimvepo ikulira choncho. Koma galimoto sinapite kutsogolo. Inayamba kubwerera m'mbuyo, kangolo kakuikoka ndi kulemera kwa dothi lonyowa.

Bambo anabweza phazi pa buleki. Mabuleki onyowa anachepetsa liwiro koma sanagwire. Anakoka handibuleki, koma iyo imagwira matayala akumbuyo, omwewo amene anali atangotuluka m'madzi. Sanayang'ane giya, chifukwa ankadziwa pamene anaisiya. Anaganiza kuti giyabokosi yafa. Anatembenuza mutu n'kuyang'ana kumbuyo, kumene kunali anthu.

Ine ndinkadziwa. M'galimoto monse, m'chitunda monse, ndinali ndekha wodziwa chimene chalakwika. Chinkafunika chinali mawu amodzi, kapena kumenya kandodo kaja kubwerera pansi. Manja ndinawapanikiza pakati pa mawondo. Ndinaopa bambo kuposa mmene ndinaopera imfa ya anthu, ndipo chimenechi ndachisenza mpaka lero.

Bambo sanakuwe. Anapotokola chiwongolero mpaka pothera, dzanja pa dzanja. Kangolo kanapindikira pambali, kanalowa mu ngalande n'kukagunda chulu. Kanagubuduzika. Matako a galimoto anakankha kangolo kaja n'kukakhazikika pa khoma la ngalande. Chitsulo chinalira, galasi linasweka, kenako tinaima. Kuchokera pa bampala mpaka pa mayi womalizira, amene anali ndi mwana kumbuyo, panali mwina mikono itatu. Njinga ya bambo wina amene anaitaya pothawa inali pansi pa kangolo.

Nyimbo inali itaduka pakati. Onyamula bokosi anaima m'madzi, ndipo ndikuwalemekeza mpaka lero chifukwa palibe amene analitaya. Kenako phokoso linabuka. Amayi ena ankalira, ena ankaitana ana awo mayina. Gogo wina ananena kuti malemu akuitana mnzawo wa ndodo. Ndipo ndinamva mawu a a Sakala pamwamba pa onse, akunena kuti iwo ananena kale, mwendo umodzi sungagwire galimoto pa chitunda.

Bambo anazimitsa injini. Dzanja lawo linapita pa giya kuti aike pa P, ndipo pamenepo ndi pamene maso awo anagwera pa kagalasi ka zilembo. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana ine. Anaika pa P, anatenga ndodo, anatuluka n'kutsetsereka pang'onopang'ono m'matope mpaka pamene panali eni maliro. Anavula chipewa n'kupepesa. Anaima pomwepo, mvula ikuwagwera pamutu, mpaka munthu womalizira atawoloka. Atabwerera anangondiuza kuti nditole mbande zimene zatsala.

Tinatola mpaka dzuwa kupendeka. Zambiri zinali zothyoka kapena zokwiririka m'matope. Pa madengu asanu ndi anayi tinapulumutsa awiri. Ng'ombe za mwini wina zinabwera kudzakoka galimoto mu ngalande. Inali yophwanyika kumbuyo, koma inalira ndipo inayenda.

Kunyumba amayi anali atamva kale. Anafunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo bambo anati galimoto inabwerera m'mbuyo. Anafunsanso, yankho linali lomwelo. Amayi anayang'ana denga la malata, kenako anayang'ana alongo anga aang'ono awiri, n'kutuluka panja. Ndinadikira ndodo. Ndinkaifuna ndithu, chifukwa ndodo ikatha mlandu umatha. Sinabwere.

M'mawa mwake mthenga anabwera kudzaitana bambo ku ofesi. Sanandiuze kuti ndiwatsatire, ndipo sanandibweze. Pa khonde la ofesi panali abwana pa mpando, kapitawo ataima pambali, ndi a Sakala atatsamira mzati, magalasi atabwerera pamaso. Ine ndinakhala pansi pa masitepe.

Abwana sanali munthu woipa. Anati mbande si nkhani, fodya amamera chaka ndi chaka. Nkhani inali anthu. Akuluakulu a mudzi uja anali atabwera kale m'mawa kudzadandaula kuti esiteti ikuyendetsa galimoto ndi munthu wolumala. Anati anayesetsa, Mulungu ndi mboni, koma sangadikire mpaka munthu afe. Bambo akanatha kukhala mlonda wa pa geti ngati afuna. Nyumba ya dalaivala inafunika ikhale yopanda munthu pakutha pa mwezi. Kenako anafunsa ngati bambo ali ndi mawu.

Bambo anaima mowongoka, manja onse pa ndodo.

"Galimoto inali m'manja mwanga, bwana. Ndilibe mawu ena."

Anatulutsa makiyi m'thumba. Ndinaona dzanja lawo likuwatambasula, dzanja lomwe lija linapotokola chiwongolero dzulo lake. Sindikumbukira kuimirira. Ndikukumbukira mawu anga okha, opyapyala ngati a mwana wamng'ono.

"Ndine ndinaichotsa pa D. Ndinaika pa N iwo akupemphera."

A Sakala anaseka. Anati mwana wabwino ameneyu, akufuna kufera bambo ake. Anatinso nyutulo sinaphepo munthu, madalaivala onse a pa boda amaika nyutulo ndipo ali moyo. Abwana anandiyang'ana mokayika n'kufunsa bambo ngati anandituma kunena zimenezi. Nkhope ya bambo inasintha. Ankatha kupirira kutchedwa wolumala, koma osati wabodza. Anabweza makiyi m'thumba n'kupempha chinthu chimodzi chokha, kuti onse anayi apite nawo pa chitunda paja.

Kangolo kanali kothyoka, choncho anakweza matumba a feteleza kumbuyo kwa galimoto mpaka inakhala pansi. Abwana, kapitawo ndi a Sakala anakhala mpando wakumbuyo, ine kutsogolo monga dzulo. Tinazungulira ku dambo n'kuwoloka mtsinje kuti mabuleki amwenso madzi. Pa chitunda, pamalo omwe aja pomwe matope anali akadali ndi mbande zothyoka, bambo anaima. Anatuma kapitawo kuti agoneke chipika chachikulu mumsewu, mapazi angapo kumbuyo kwa matayala.

Galimoto ili pa D, anachotsa phazi pa buleki. Inagwedezeka pang'ono, inadzigwira. Anakhudza mafuta, ndipo inakwera mwakachetechete ngati ikupita ku tchalitchi. Anabwerera pamalo paja n'kuchitanso. Anachita katatu. Kachinayi anaima, anavula chipewa, anachiika pa bondo, anatsinzina.

"Damiano, chita zimene unachita dzulo."

Ndinachita, ndi zala ziwiri zomwe zija, amuna atatu akuyang'ana kumbuyo kwanga. Bambo anavala chipewa n'kusamutsa phazi. Injini inakuwa. Galimoto inabwerera m'mbuyo n'kukagunda chipika, mitu yathu yonse n'kugwedezeka. Abwana anagwira mpando ndi manja awiri.

Bambo anaika pa P. Sanatembenuke. Analankhula akuyang'ana pa galasi loonera kumbuyo.

"Sakala, dzulo unali pa mtsinje. Unamva chiyani?"

Galimoto imene ili pa giya singakuwe chotero uku ikubwerera m'mbuyo, ndipo dalaivala aliyense akudziwa zimenezo. A Sakala anali wa pakamwa, koma anali dalaivala. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Inalira chonchi, mudala. Chimodzimodzi."

Za kugwedeza dzanja kuja sananene, ndipo ine sindinanene. Dzanja limene linakhudza giya linali langa.

Abwana anafunsa chifukwa chimene bambo sananenere kuyambira pachiyambi. Bambo anati mwana ndi wawo, ndipo kuyang'ana chilembo asananyamuke inali ntchito yawo, osati ya mwana. Anati pamenepo analakwa, ndipo sadzalakwaponso. Kenako abwana anafunsa kapitawo kuti ndi madalaivala angati a miyendo iwiri amene akanaganiza zoponya ngolo pa chulu m'malo mongolimbana ndi buleki. Kapitawo anati sakudziwa. Abwana anati nawonso sakudziwa, ndipo a Mbewe asunge makiyi. Madzulo ake abwana eni ake anapita ku mudzi uja kukafotokoza, atatenga a Sakala kuti akachitire umboni kwa apongozi awo.

Chigamulo changa chinali china. Sindinaloledwenso kukwera galimoto ija. Mbande zimene zinatayika zinali za munda wa tenanti wina wochokera ku Mulanje, bambo wa ana asanu, ndipo munda wake unatsala theka wopanda kanthu. Bambo anandipereka kwa iye. Tinayenda m'manazale a eni ake kupempha zotsala, zazitali ndi zofooka, n'kuziwoka mochedwa. Ndinapalira, ndinabandira, ndinathyola, ndinasoka fodya m'chigafa mpaka manja anada ndi utomoni. Sukulu itatsegulira ndinali m'munda. Fodya atatha ndinali nditatsalira kwambiri, ndipo ndinali nditazolowera ntchito. Sindinabwererenso m'kalasi. Palibe amene anandiletsa. Ndinasankha ndekha, ndipo sindinamizira munthu.

Bambo analankhula nane za nkhaniyi kamodzi, tsiku lomwelo la chipika, tikuyenda wapansi kuchokera ku galaja. Ankayenda pang'onopang'ono, ndodo ikumira m'matope. Anati za N sakundiimba mlandu kwambiri, chifukwa mwana amatola nzeru paliponse, zina zowola. Chimene chinawapweteka chinali kukhala chete kwanga. Ndinakhudza giya osanena, ndipo galimoto itayamba kubwerera sindinanenenso. Anati munthu woyendetsa amadalira zimene akudziwa kuti zili pansi pa phazi lake, ndipo ukazisintha mobisa wamuchotsa maso. Tinayenda pang'ono. Tili pafupi ndi nyumba anaima kuti apume.

"Koma lero wanena," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Patapita zaka zinayi, Lamulungu lina titachoka ku Misa, anandiponyera makiyi n'kukhala mpando wa wokwera. Anapinda manja pachifuwa ndipo sanawatambasule ulendo wonse. Ndinayendetsa galimoto zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi kuchokera pamenepo, malole odutsa boda poyamba, kenako galimoto zazing'ono. Sindinagundepo munthu, mbuzi kapena njinga. Mpaka tsiku limene ndinapuma, ndinkayang'ana giya ndisanachotse phazi pa buleki, ngakhale ndili ndekha m'galimoto. Bambo ankachita chimodzimodzi kuyambira tsiku lija.

Masiku ano za otomatiki zadzaza msewu. Mdzukulu wanga Tadala anagula yake chaka chatha. Mwezi wapitawu ananditenga kupita ku boma, ndipo ndinaona kuti paliponse pamene waima, pa rodibuloko, pa mzere wa petulo, ngakhale podikira ng'ombe kuti zidutse, dzanja likuthamangira pa N. Ndinamufunsa kuti anamuphunzitsa ndani. Anati mnzake wa ku ntchito, kuti zimapulumutsa petulo ndipo giyabokosi imapuma. Ndinati mnzakeyo ayenera kuti amavala magalasi akuda. Sanamvetse, ndipo ndinamufotokozera nkhani yonseyi tili pa mzere.

Za m'kati mwa giyabokosi amakanika azikangana okha. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6. Chimene ndikudziwa n'chakuti galimoto imeneyi anaipanga kuti izitha kuima pa D, phazi lili pa buleki, ndipo kunjenjemera kuja si matenda. Petulo amene ungapulumutse pa mphindi imodzi sangadzaze chivindikiro cha botolo. Ukaona kuti mzere sukuyenda, ika pa P, koka handibuleki, zimitsa injini ngati ukufuna kupulumutsa zenizeni. Koma N ya kaimidwe kalikonse imaphunzitsa dzanja kuyendayenda, ndipo tsiku lina udzaiwala pamene wasiya, kumbuyo kwako kuli anthu. Tadala anamvetsera, anabweza pa D, ndipo anati agogo mumalankhula ngati buku. Ndinati buku sindinamalize, ndinamaliza chitunda.

Bambo anayendetsa siteshoni wagoni ija zaka zina zisanu ndi zinayi. Giyabokosi yake sinatsegulidwepo. Inafa ndi dzimbiri, osati ndi D. M'nyumba ya malata tinatulukamo tsiku limene iwo anasankha okha kupuma, ndipo makiyi anakapereka ku ofesi akuyenda ndi ndodo yomwe ija.

Chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa ndimawerenga zimene zala zanga ziwiri zinataya pa chitunda chija. Madengu asanu ndi awiri a mbande. Theka la munda wa bambo wa ku Mulanje, umene unabereka fodya wopepuka chaka chimenecho. Njinga imodzi ya mwini wake. Nyali imodzi yakumbuyo ndi chitsulo chokokera ngolo. Zaka zinayi za mpando wakutsogolo pambali pa bambo anga. Sukulu yanga. Pamenepo ndimalekeza, chifukwa mwendo umodzi ndi manja awiri anakana kuti chiwerengerocho chipitirire. Pa mtsinje paja panali mudzi wathunthu, ndipo amene analowa m'manda tsiku limenelo anali mmodzi yekha, yemwe uja anabwera ali m'bokosi.